Chigoli cha Pampopi

Kuchokera kuseri kwa bolodi ya zigoli,
Bwalo lakale la mpira.

Kwa Olemekezeka Bwana Mwini Timu,

Ndayamba ndasamba m'manja kawiri, Bwana, kuopa kudetsa pepala limene maso anu aulemu adzagwerepo. Ndikhulupirira kuti muli bwino, inuyo, mayi kunyumba, ana ndi magalimoto onse. Ine kuno ndilipo, ngati kukhalapo kwake n'kumeneku.

Nkhope yanga simuidziwa, ndipo sindikudandaula, chifukwa si nkhope yoti munthu wotanganidwa n'kutayirapo nthawi. Koma ntchito ya manja anga mumaidziwa. Ine ndine amene ndimapachika manambala a zigoli pabolodi ya bwalo lathu, ntchito imene ndaigwira zaka 26. Ndine yemwe uja ndinapachika 1 tsiku limene timu yathu sinachinye chigoli chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo mzinda wonse ukunena kuti timu ikusamuka chifukwa cha ine, ndipo dzina limene makolo anga anandipatsa linafera pomwepo. Masiku ano ndine Achimodzi-kwa-Duu. Ndalemba kalata ino kuti ndikuthokozeni pa zabwino zanu chimodzichimodzi, ndi kupemphako kanthu kakang'ono kumapeto, mukakhala kuti mwafikako.

Ndikanabwera nayo ndekha ku ofesi kwanu, koma mlonda wa pageti panu akangondiona amayamba kuseka mpaka kulephera kutsegula. Ndiye ndaipereka ku nyuzipepala yomwe ija inasindikiza chithunzi cha bolodi yanga, n'kuwapempha kuti aiike patsamba lomwelo ngati mpata ulipo.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha chikwangwani cha sopo. Mwina munaiwala, poti anthu abwino sakumbukira zabwino zimene anachita. Pamene ndinkayamba ntchito, kachipinda kanga ka kuseri kwa bolodi kanali ndi kawindo koyang'ana m'bwalo. Ndinkaonera mpira ngati munthu wina aliyense, chigoli chikalowa n'kukwera pamakwerero, n'kulowetsa lata la nambala pampata wake. Chaka chimene munagula timu munapeza kampani ya sopo yofuna potsatsira malonda, ndipo malo abwino kuposa onse anapezeka kuti ndi pakawindo kanga. Amisiri anabwera Lachitatu, ndipo makwerero ndinawagwirira ndine, chifukwa ndinaleredwa bwino. Nditafunsa akalaliki anu kuti nanga ndizionera pati, anati nkhaniyo aifikitsa kwa inu. Papita zaka 19, koma sindinataye mtima, ndikudziwa kuti ikuyendabe ndipo ifika. Kampani ya sopoyo inatsekedwa kalekale, koma mayi wa pachikwangwaniyo akumwetulirabe anthu Loweruka lililonse, ine ndili kuseri kwa mutu wake.

Kuyambira pamenepo, Bwana, timu yathu sindinaionepo ikusewera. Ndikasuzumira pampata wa manambala ndimangoona denga la shedi imene mumakhala akuluakulu, ndi nkhunda. Khomo la kachipindako lili kunja kwa mpanda, moti kuti ndione mpira ndiyenera kuzungulira bwalo lonse n'kukalowera pageti, ndipo a pageti amafuna tikiti. Osewera amene ana amawaimba m'misewu ine ndimawadziwa mawu okha, makamaka akamatukwana woyimbira.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha sukulu ya makutu imene munandilowetsa mwaulere. Munthu akatsekeredwa maso amaphunzira msanga. Chigoli chathu chimayambira mbali ya kummawa, kumene amakhala a ng'oma, ngati lole imene ikubwera patali. Kenaka chimakwera, malata a bolodi amanjenjemera, fumbi la kudenga n'kundigwera m'mutu. Chigoli cha alendo chimabwera ndi bata, lotsatidwa ndi timawu ta anthu makumi awiri pakona, kenaka mayina a makolo a goloboyi wathu. Penate yophonya imamveka ngati tayala la njinga likutuluka mpweya. Chovuta ndi chigoli chokanidwa, chifukwa chimayamba ngati chenicheni n'kudukira pakati. N'chifukwa chake ndinadziikira lamulo: phokoso likayamba, ndimawerenga mpaka khumi, kudikira kuti a ng'oma ayambe nyimbo ya chigoli, ndipo lata ndimalikhudza ng'oma zikavomereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka 19 sindinalakwitsepo, ndipo ndivomere kuti zinandilowa m'mutu. Kometetsa ndinkadzitama kuti ine mpira ndimauona bwino kuposa woyimbira, anthu n'kumavomereza ndi mtima wonse. Pano mpamene ndazindikira kuti kumeneko sikunali kunditamanda ine.

Komabe makutuwo andipatsa zimene inu a m'shedi simunazimvepo. Bwalo lija ndimalidziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Panali bambo wina amene zaka zonsezi ankakuwa kuti “Patsira kumanzere!” ngakhale mpira uli kunja, ngakhale pa nthawi yopuma. Sindinamuonepo. Chaka chatha anasiya kumveka, ndipo ndinadziwa kuti kwagwa zovuta ndisanauzidwe ndi munthu. Tsiku limenelo tinapambana, koma manambala ndinapachika mtima uli wolemera. Ndanena izi kuti mudziwe kuti timuyi ndimaikonda, Bwana, mopusa ndithu, ngati munthu wokonda mkazi amene amangomumva akuimba kuseri kwa mpanda.

Chachitatu, ndikuthokoza kuti munatidzutsa. Ife tinali m'tulo, kumaganiza kuti bwalo lathu ndi labwino chifukwa choti tinakuliramo. Inu munapita pawailesi n'kutiuza mwachikondi kuti khonsolo ikapanda kukumangirani bwalo latsopano, timu mupita nayo kumzinda wina uko, kumene akukudikirani ndi manja awiri. Munati mtima ukukuwawani, ndipo ine ndinakhulupirira, chifukwa mawu anu ankanjenjemera ndithu. Pambuyo pake mpamene ndinaona kuti mabatire a wailesi yanga anali atatha.

Mawa lake mlamu wanga, amene ndi mkulu wa a ng'oma, anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, nati, “Alamu, inu dzanja lanu ndi labwino, tilembereni zikwangwani tikagwedeze khonsolo.” Ndinalemba makumi anayi, Bwana, ndi penti yotsala ya manambala. TIKUFUNA BWALO LATSOPANO. TIMU YATHU ISAPITE. Tinayenda nazo mpaka ku ofesi ya khonsolo, ine patsogolo penipeni, nditavala jekete la paukwati wanga limene mabatani ake anasiya kukumana. Kumeneko inu munatulukira ndi chithunzi chachikulu cha bwalo latsopanolo, lonyezimira, lokhala ndi malo oimika magalimoto ambiri kuposa magalimoto a mumzinda muno. Anzanga ankaloza mipando ndi udzu. Ine maso anathamangira pabolodi. Inali yamagetsi, yosintha manambala yokha, yopanda kachipinda kuseri. Ndinaiyang'ana, ndinamvetsa bwinobwino tanthauzo lake, ndipo ndinaomba m'manja kuposa onse. Akazi anga atamva anangoti, “Bambo inu, mukanakhala nkhuku bwenzi mukunola nokha mpeni.”

Ndinene zoona, ntchitoyo ndinali wokonzeka kuitaya. Ndinkati bola timu ikhale, ine ndizidzakhala pamwala kunja kwa bwalo latsopanolo n'kumamvetsera monga mwa masiku onse. Uchitsiru wa munthu wokonda mpira ulibe mankhwala, ndipo ine ndinaudwala ndili mwana.

Chachinayi ndi cha tsiku lija, ndipo pano mundilole nditambasule, popeza inu pawailesi munalifotokoza mwachidule kwambiri. Khonsolo inati isanayankhe za bwalo latsopano, itumiza makhansala ndi akatswiri kudzaona ngati lakaleli lingakonzedwe. Anasankha Loweruka la masewero. Tonse tinauzidwa kuti tidzaze bwalo, alendowo aone chikondi. Udzu unatchetchedwa, zimbudzi zinabwerekeredwa zitseko, ine ndinapaka penti manambala onse kuyambira 0 mpaka 9, ngakhale 7, 8 ndi 9 sanagwirepo ntchito kumbali yathu. Chimene palibe anandiuza n'chakuti m'mawa wa tsikulo wina wa kukhonsolo analamula kuti atsegule madzi opita kubwalo. Mpopi wa mbali ya kummawa unali utauma zaka 11, moti ana obadwa m'zaka zimenezo ankauyesa chomangirirapo njinga. Madziwo anatsegulidwa m'mawa ndithu, koma poti njira anali ataiwala, anafika chigawo chachiwiri chili pakati.

Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo panalibe amene anali atagwedeza ukonde. Mwadzidzidzi phokoso linayambira kummawa, malo ake enieni. Linakwera, malata ananjenjemera, fumbi linandigwera m'mutu lambiri kuposa la tsiku limene tinatenga chikho. Ndinayamba kuwerenga. Ndinafika pa zinayi. Pamenepo mzimu wodzionetsera unandinong'oneza kuti kunjaku kuli makhansala, aone kuti bwalo lakaleli lili ndi munthu wachangu kuposa magetsi. Ndinakwera, ndinatulutsa 0, ndinalowetsa 1. Ndikanafika pa khumi ndikanazindikira kuti ng'oma sizikulira, chifukwa eni ake anali atazitaya n'kuthamangira kumadzi, mlamu wanga patsogolo. Mpira panthawiyo unali pakati pa bwalo, woyimbira akumanga chingwe cha nsapato. Anthu onse aja ankakuwira mpopi.

Kenaka ndinamva kuseka, bwalo lonse. Ndinati anthu akondwa, nanenso ndinaseka ndekha m'kachipindamo, mpaka kuvinako pang'ono. Kochi wathu, amene naye anali atapita kukasukusula kumpopi, pobwerera anayang'ana bolodi n'kuona 1 kwa 0. Poopa kufunsa pamaso pa alendo kuti wachinya ndani, anatulutsa wosewera kutsogolo yekhayo amene tili naye n'kulowetsa wotchinga kumbuyo kuti titeteze chigolicho. Tinachiteteza mwamphamvu kwa mphindi makumi awiri. Kenaka kunagwa bata, timawu ta pakona tinamveka, ine ndinapachika 1 kumbali ya alendo, n'kumadzitonthoza kuti kufanana mphamvu si kugonja.

Amene anandiuza zoona ndi akazi anga. Iwo amagulitsa madzi ozizira pageti, ntchito imene yatilerera ana chifukwa cha kuuma kwa mpopi womwewo, ndiye tsiku limenelo anali ndi mkwiyo wawo kale. Anazungulira mpanda ndi chidebe chodzaza mabotolo osagulidwa, anamenya chitseko changa ndi phazi, nati, “Tsikani apo, bambo inu! Chigoli mwachitenga kuti? Mwachinya ndinu?” Ndinatsika. M'bwalo lonse lija, anthu amene madzi aja anawalakwira tinali awiri okha, ndipo tonse tinali a nyumba imodzi.

Chachisanu, ndikuthokoza kuti munanditchukitsa. Lolemba nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha bolodi yanga ikunena 1 kwa 1, pansi pake atalemba kuti tinagonja 1 kwa 0. Lachiwiri munali pawailesi. Munati makhansala adzionera okha, bwalo limene ngakhale bolodi yake imanama silingasunge timu yaulemu wake. Munati munayesetsa, koma munthu wa kubolodi wakuchititsani manyazi pamaso pa alendo, choncho ndi mtima wosweka mwaganiza zosamuka ligi ikatha. Yankho la khonsolo simunalidikirenso. Ulendo uno mabatire anali atsopano, ndipo mawu anu sananjenjemere.

Kutchuka n'kolemetsa, Bwana, inu mukudziwa bwino. Wometa amene wakhala akundimeta zaka makumi awiri anandimeta mbali imodzi, n'kuzimitsa makina, nati, “Apa ndiye chimodzi kwa duu, madala. Mbali inayo mukamalizitse kumzinda winawo.” Ndinadutsa msika wonse ndi theka la mutu. Kutchalitchi, kumene ndinkaika manambala a nyimbo pakabolodi ka kutsogolo, a mkulu wa mpingo anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti ndipumeko kaye, kuopa kuti mpingo ungadzaimbe ya maliro tsiku la ubatizo. Mwana wanga wamkazi ndi namwino, ndipo odwala akamva kuti ndi mwana wa Achimodzi-kwa-Duu amapempha kuti wina adzawerengenso nambala ya pachoyezera kutentha kwa thupi. Zonsezi ndimaseka nawo, chifukwa ukapanda kuseka nawo amawonjezera. Koma mlamu wanga sanapondenso pakhomo panga. Amadutsa pamsewu ng'oma ili kumsana, maso ali kutsogolo, ndipo mlongo wake, amene ndi akazi anga, amangomuyang'ana pawindo. Ichi chokha sindichiseka, chimandiwawa.

Ndipo mlanduwo ndinauvomera, Bwana. Ndinkati ndi zoona, timu ndathamangitsa ndine ndi dzanja langa lamanjali. Milungu itatu chakudya sichinkalowa. Ndikaona mwana atavala jezi yathu ndinkapatukira njira ina. Ndinafika polemba kalata yokupepesani, masamba anayi, imene akazi anga anaiwerenga mpaka kumapeto n'kuyatsira moto wa madzi osamba.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo apa mawu akundichepera, ndikuthokoza chifukwa cha makatoni. Makwerero anga anathyoka masitepe awiri apansi zaka zitatu zapitazo. Ndinanena kwa akalaliki, ndipo nkhani imeneyonso ili m'njira, kumbuyo kwa ya kawindo ija. Ndinkakwera modzikoka, msana ukulira. Ndiye tsiku lina dalaivala wanu anabwera ndi makatoni khumi ndi awiri omata bwino, nati Bwana akuti asungidwe muno poti simulowa munthu, ndipo asatsegulidwe. Mawu oti simulowa munthu sindinawatengere kumtima. Ine ndinangoona kuti mwandikumbukira. Ndinasanja ena mwa makatoniwo, atatu pansi, awiri pamwamba pake, imodzi pamwamba penipeni, n'kukhala masitepe abwino kuposa a ku ofesi ya khonsolo. Tsiku la mpopi ndinakwera pa makatoni omwewo.

Loweruka lapitali, ndikupachika chigoli chachitatu cha alendo, katoni yapamwamba inatopa nane. Mwendo unalowa mpaka m'bondo, ndipo poutulutsa unatuluka ndi jezi. Sindinatsegule, Bwana, lamulo lanu ndinalisunga. Inatseguka yokha, ndipo ena awiri anatsegukanso okha nditawathandizako pang'ono ndi lata la 7. Majezi okongola, mtundu wathu womwewu, chizindikiro chathu chomwechi, koma pachifuwa palembedwa dzina la mzinda winawo. Munalinso zipewa, ndi timbendera ta tsiku lodzakulandirani. Ine si wophunzira kwenikweni, koma manambala ndikawaona ndi maso sindiwaphonya. Pambali pa katoni iliyonse pali chidindo cha tsiku limene katunduyo anasokedwa. Tsikulo ndi la miyezi iwiri tisanayende ndi zikwangwani zija, miyezi inayi mpopi usanatuluke madzi.

Ndinakhala pansi m'kachipindamo jezi ili m'manja, mpaka alendo anachinya chachinayi ine osachipachika. Ndinaganiza za jekete la paukwati wanga, za zikwangwani makumi anayi, za makhansala amene anapsa ndi dzuwa akuyeza ming'alu ya makoma ndi tepi. Tonse tinkathamanga m'masewero amene anali atatha kale. Koma chitsiru chachikulu ndine, chifukwa enawo sankadziwa kumene umboni uli, pamene ine ndinkaupondaponda Loweruka lililonse, n'kumakuthokozani mumtima chifukwa cha masitepe.

Musaganize kuti ndikuti munanama, Bwana. Ndine ndani ine? Munthu wamkulu sanama, amangodziwiratu zinthu. Munaona patali kuti tsiku lina mpopi udzatuluka madzi, kuti wa kubolodi adzalephera kuwerenga mpaka khumi, kuti mtima wanu udzasweka, ndipo munasokeratu majezi kuti chisonicho chidzakupezeni mutakonzeka. Nzeru zotere ife a kuseri kwa zikwangwani tilibe. Ndimangodzifunsa nthawi zina kuti ndikanapanda kulakwitsa ine mukanasenzetsa ndani, kaya nkhunda za padenga, kaya mayi wa sopo.

Chachisanu ndi chiwiri si chothokoza koma nkhawa ya wantchito wokhulupirika. Ndamva kuti kumene mukupitako akukumangirani bwalo lofanana ndendende ndi la pachithunzi chija, bolodi yamagetsi ndi zonse. Ndikusangalala nanu. Koma zaka zikadzapita, mzinda wachitatu ukadzakutambasulirani manja, mtima wanu ukadzayambanso kuwawa, mudzaloza ndani? Bolodi yamagetsi ilibe mlamu, sipita kometetsa, ilibe mwana wogwira ntchito kuchipatala. Mukhoza kuinyoza pawailesi mlungu wathunthu, iyo izingophethira. Langizo langa n'lakuti mukafika mupezeretu munthu mmodzi wokonda timu mopitirira muyeso, mumutsekere penapake, n'kumusunga. Sitidya zambiri ndipo sitifunsa mafunso. Kuno musadere nkhawa, zonse zabwerera mwakale: khonsolo ikukanganabe ngati imange bwalo latsopano loti muzisewera mphepo, ndipo mpopi uja anautsekanso Lolemba lomwelo, moti akazi anga akuti ndikupatseni moni.

Akazi angawo akuti ndinyamule jezi imodzi ndikaipachike pakati pa msika kuti anthu adzionere. Ine ndinati ayi, ndi katundu wa Bwana. Iwo anati, “Ndiye khalani nalo dzina lanulo, likukukhalani.” Zoona zake n'zakuti ndinayesako. Ndinapita kwa wometa uja, ndinamunong'oneza zonse, za makatoni, za chidindo, za miyezi inayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mokweza kuti onse a pabenchi amve, “Zimenezi mwaona ndi maso, madala, kapena mwangomva phokoso?” Apa ndi pamene pali vuto langa. Munthu amene anapachika chigoli cha pampopi ngakhale atanena kuti kunja kwacha, anthu amatuluka kukaona. Ndi kalata inonso ena anena kuti ndailemba ndisanafike pa khumi. Mumzinda muno pakamwa pamene anthu angakhulupirire pa nkhaniyi ndi pamodzi pokha, ndipo ndi panu.

Tsopano pempho langa. Sindikupempha kuti timu ikhale, majezi asokedwa kale ndipo ntchito ya telala ndi yofunika kuilemekeza. Sindikupempha kawindo, mdima ndauzolowera. Sindikupemphanso ntchito kumene mukupitako. Inu mudzakwera galimoto n'kupita, ine nditsala muno, ndizidutsa wapansi pamsika womwewu, ndipo tsiku langa likadzakwana adzandinyamula ndi anthu omwewa. Sindikufuna kuti ponyamulapo azidzafunsana kuti kodi afadi kapena ndi za pabolodi.

Masewero omaliza a pabwalo lino ndi Loweruka likubwerali. Chimkuzamawu chilipo, ndipo mwa zinthu zonse za pabwalopa ndi chokhacho chimene sichinawonongekepo, poti ndi chimene chimalengeza kufika kwanu. Ndikupempha chogwada kuti pa nthawi yopuma mudzaimirire n'kuuza anthu mawu ochepa chabe: kuti timu inali itanyamuka kale ine ndisanakhudze lata lija. Zifukwa zake musadzavutike nazo, anthu adzamalizitsa okha. Mudzangonditchula dzina, dzina langa lenileni, mokweza, kuti mlamu wanga adzamve ali kung'oma kwake.

Apa ndaona kavuto kamodzi, ndipo ndikupepesa. Dzinalo simulidziwa. Akalaliki anu salidziwa, pamapepala awo analemba kuti “bolodi”. A pageti analiiwala miyezi yapitayi. Ndikanalilemba pansipa, koma ndaona kuti si ulemu kuti munthu ngati inu atole dzina la wantchito wake wa zaka 19 munyuzipepala ngati wina aliyense. Choncho mudzavutikeko pang'ono, Bwana. Mudzatsike galimoto kumsewu wa kumsika, mudzatsate mpanda, mudzadutse pamene amawotcherera zitsulo, kenaka mudzaona kachitseko ka malata kopanda chogwirira. Mudzagogode. Ndidzakuuzani ndekha, pang'onopang'ono, kuti mudzaligwire bwino. Polowa mudzaweramitse mutu chifukwa khomo ndi lalifupi, komanso mudzayang'ane pansi, mungadzapunthwe pa katundu wanu.

Ndine wanu wogwada mpaka mawondo kutupa,

Wa kuseri kwa bolodi,
amene mudzamudziwe mukadzagogoda.